Gemu ya maola awiri: zida zikamasinthana manja pa nkhondo

Gologolo

Moni nonse. Ndikupanga gemu ya RPG (yosewera ngati munthu wa m'nkhani, ukuyenda ndi kumenya nkhondo) yaifupi, yoti munthu aimalize madzulo amodzi, ndipo ndikufuna maganizo anu pa nkhondo yake. Sindikufuna ija ya masiku onse yoti usankhe Attack, mdani akumenye, usankhenso Attack mpaka wina agwe. Imene ndakonza ili motere. Pa bwalo pali zida zisanu zokha: lupanga, mkondo, chishango, mankhwala ndi chingwe. Zitatu zimayambira kwa iwe, ziwiri kwa mdani. Chida chilichonse ukangochigwiritsa ntchito chimachoka m'manja mwako n'kupita kwa mdani, ndipo iye akagwiritsa chake chimabwera kwa iwe. Ukamutema ndi lupanga, wamupatsa lupanga. Ukamwa mankhwala, botolo lapita kwa iye. Palibe MP (mapointi olipirira maluso apadera), palibe kukwera levulo (kuwonjezeka mphamvu ukamagonjetsa adani).

Kodi zoterezi zingamugwire munthu maola awiri osatopa? Komanso ngati mukudziwa magemu ena afupiafupi, opangidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, amene nkhondo yake ndi yachilendo, nditchulireni ndikaone mmene anzathu anachitira.

Kadzidzi

Achimwene, musanapite patali kasewereni Helen's Mysterious Castle. Ndi ya ku Japan, yopangidwa ndi RPG Maker (pulogalamu yopangira magemu otere), ndipo si yaitali. Nkhondo zake ndi za mmodzi kwa mmodzi ngati yanuyi. Chida chilichonse chili ndi manambala atatu: mphamvu yake, chitetezo chimene chimakupatsa pamene ukudikira, ndi kutalika kwa kudikirako. Chimene mdani wasankha umachiona pa sikirini, nambala yake yodikira ikutsika limodzi ndi yako. Akanyamula chida champhamvu koma chochedwa, iwe ukhoza kumulasa msangamsanga ndi chida chopepuka, kenako n'kukweza chishango nkhonya yake isanakufike. Palibe chobisika, komabe mutu umagwira ntchito nkhondo iliyonse. Yanuyi ndikuiona kuti ndi ya mtundu womwewo.

Namzeze

Ganizoli landisangalatsa kwambiri, koma tiyeni tiwerenge kaye. Kugawa zida zisanu kuti zitatu zikhale kwa inu, ziwiri kwa mdani, kuli ndi njira 10 basi. Ndipo popeza aliyense amapereka chimodzi n'kulandira chimodzi, mpata wanu uliwonse uziyamba muli ndi zitatu. Ndiye kuti wosewera azikumana ndi magawidwe 10 omwewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Munthu watcheru akamenya nkhondo zingapo adzakhala atadziwa chochita pa kagawidwe kalikonse, ndipo ola lachiwiri azingodina.

Chachiwiri n'chachikulu kuposa pamenepo. N'chiyani chingaletse kuti inu muteme ndi lupanga, iye alilandire akutemeni, inu mulilandire mumutemenso? Nkhondo yonse isanduka kuponyerana lupanga, ndipo wopambana ndi amene anayamba kapena amene ali ndi HP (mapointi a moyo) yambiri. Mwabwerera ku Attack, Attack yomwe mukuithawa ija. Tatiuzani kaye, chida chilichonse chimachita chiyani kwenikweni?

Gologolo

Zikomo achemwali. Aliyense amayamba ndi HP 20. Lupanga limachotsa 4. Mkondo umachotsa 2 koma umaboola chishango. Chishango chimatchinga nkhonya imodzi yotsatira. Mankhwala amabwezera 3. Chingwe chimamanga chida chimodzi cha mdani kuti asachigwiritse ntchito pa mpata wake wotsatira. Maganizo anga ndi oti chingwecho ndi chimene chidule kuponyerana lupanga kuja.

Namzeze

Chingwe chikhoza kudula kamodzi, koma mukachiponya mwataya mpata osamenya, ndipo chapita kwa iye. Pa zokha sichikwanira.

Tsokonombwe

Pali lamulo limodzi laling'ono limene lingathetse zonsezi: chida chimene wangochilandira kumene usaloledwe kuchigwiritsa ntchito nthawi yomweyo, chigone kaye mpata umodzi. Taonani mmene zisinthira. Mwatema ndi lupanga, lapita kwa mdani koma ndi lotsekedwa. Iye ayenera kusankha pa zida ziwiri zimene anali nazo kale, ndipo inu mukuziona zonse ziwiri. Chimene wasankha chabwera kwa inu, nachonso chotsekedwa. Tsopano lupanga lija latseguka m'manja mwake, ndipo muli ndi mpata umodzi wokha wokonzekera. Mukweza chishango? Mulimanga ndi chingwe? Kapena mulola kuti akutemeni n'cholinga choti lupangalo libwerere kwa inu? Kumeneko ndiye kuganiza mipata iwiri kutsogolo.

Pa masamu a Namzeze, magawidwe aja achoka pa 10 kufika pa 30, chifukwa pa zida zitatu zimene muli nazo chilichonse chikhoza kukhala chotsekedwacho. Mukaphatikiza ndi HP ya onse awiri, zochitika zachuluka ndithu.

Gologolo

Amwene, limeneli ndalitenga lero lomwe. Komano landibweretsera funso la chishango. Ndikachikweza, chipite kwa mdani nthawi yomweyo kapena chidikire mpaka chitatchinga?

Tsokonombwe

Chipite nthawi yomweyo ngati zinzake zonse, chitetezo chokha ndiye chitsale pa inu mpaka mdani atamaliza mpata wake. Mukachisiya kuti chidikire, mdani adzakhala ndi zida ziwiri m'malo mwa zitatu pa mpata umenewo, ndiye muyamba kulemba malamulo apadera a chida chimodzi. Mphamvu ya gemu yanu ili poti lamulo lake lonse munthu angalinene m'chiganizo chimodzi. Musaliboole.

Chiphaliwali

Ine ndilankhule zosiyana pang'ono. Zonse mukunenazi ndi za m'mutu, nanga manja azitani? Gemu yaifupi ilibe nthawi yoti munthu aizolowere pang'onopang'ono, iyenera kumugwira mphindi zisanu zoyamba. Super Mario RPG ya 1996 inasonyeza kuti kungodina batani pa nthawi yake pamene nkhonya ikutera kumasintha nkhondo yonse. Mother 3 ya 2006 umadina motsatira kugunda kwa nyimbo ya pa nkhondo, ndipo ukagwira bwino nkhonya zimafika mpaka 16 pa mpata umodzi. Undertale ya Toby Fox, ya 2015, mpata wa mdani umakhala ukuzemba zipolopolo ndi kamtima kako m'kabokosi, moti palibe nthawi imene wangokhala n'kumaonerera. Ngakhale LISA: The Painful ya 2014, yomwe ndi ya RPG Maker, ili ndi nkhonya zimene umazilumikiza podina W, A, S, D motsatana. A Gologolo ikani kenakake kotere. Mwachitsanzo chida chikamauluka kuchokera kwa mdani, wosewera adine pa nthawi yake kuti achiwakhe, akachiwakha bwino chisatsekedwe.

Nyenyezi

Ayi achimwene, pamenepo sindikuvomereza m'pang'ono pomwe. Magemu mwatchulawo ndimawakonda, koma taonani chimene kudina kuja kukuchita. Mu Super Mario RPG kusankha kwenikweni n'kosavuta, ndiye kudinako kukudzaza malo amene akanakhala opanda kanthu. Gemu ya a Gologolo malo amenewo ndi odzaza kale. Mukalola kuti wa zala zachangu azitsegula chida chotsekedwa, lamulo la a Tsokonombwe lafa, kuponyerana lupanga kwabwerera, ndipo kwabwerera kwa okhawo amene ali ndi zala zachangu. Amene amaganiza bwino koma manja ake ndi ochedwa walangidwa pa chifukwa chosakhudzana ndi gemuyo.

Ndipo pali anthu ambiri amene amasankha magemu opatsana mpata chifukwa chenicheni chakuti safuna kuthamangitsidwa. Ena manja amanjenjemera, ena akusewera pa foni imene imachedwa kumva chala, ena amangofuna kuika foni pansi pakati pa nkhondo n'kubwereranso osapeza atafa. Amenewa musawatsekere kunja popanda chifukwa chomveka.

Chiphaliwali

Za foni yochedwa ndi zoona, ndipo za anthu a manja ovutika ndazimva. Koma ndikukanabe kuti nkhondo ya m'mutu yokha ndi yokwanira kwa aliyense. Anthu ambiri amene adzatsegule gemu ya munthu wosadziwika pa itch.io (webusaiti imene anthu amaikapo magemu awo) sadzaipatsa ola kuti aone kuzama kwake. Chinachake chiyenera kuwakoka nthawi yomweyo.

Nyenyezi

Chowakokacho chilipo kale: nthawi yoyamba imene munthu wamwa mankhwala mosangalala, kenako n'kuona mdani akumwa botolo lomwelo. Pamenepo amaima n'kunena kuti eee, kani zili choncho. Chofunika n'chakuti a Gologolo akonze nkhondo yoyamba kuti zimenezi zichitike mphindi ziwiri zisanathe, popanda tsamba lofotokoza malamulo. Ndipo kumveka kwa chida chikamasintha manja, phokoso lake, kugwedezeka pang'ono kwa sikirini lupanga likatera, zimenezo ndi zimene manja amafuna. Sizifuna kuyesa changu cha munthu.

Nkhalakale

Ndawerenga zonse ndipo ndikufuna ndibwerere ku funso loyamba lija, loti kodi zingakwane maola awiri. Yankho langa ndi lakuti lamulo limodzi, ngakhale likhale lokoma bwanji, limakwana mphindi makumi awiri kapena atatu. Chimene chimatalikitsa moyo wake ndi adani. Mu gemu yaitali ukhoza kumenya mdani yemweyo kambirimbiri chifukwa ukusaka levulo ndi ndalama. Mu gemu yopanda levulo ngati iyi, kumenya mdani yemweyo kachiwiri kulibe phindu lililonse kwa wosewera. Choncho chotsani nkhondo zongobuka mwadzidzidzi mukuyenda. Ikani adani owerengeka, mwina 12 kapena 15, aliyense aoneke pa mapu, ndipo aliyense afunse funso limene anzake sanafunse.

Ndipereke zitsanzo kuchokera pa malamulo anu omwewa. Mdani wamantha, amene akakhala ndi chishango chotseguka amachikweza nthawi zonse. Ameneyu akuphunzitsa ntchito ya mkondo. Mdani waumbombo, amene akalandira mankhwala sawamwa ndipo sawabweza, amangowasunga. Kwa ameneyu ukamwa kamodzi wamwa komaliza, koma iyenso wadzichepetsera zosankha, ndiye ukhoza kudziwiratu zimene achite. Mdani wamanja awiri, amene amagwiritsa zida ziwiri pa mpata umodzi, kutanthauza kuti amakumenya kwambiri koma amakudzazira zida m'manja. Mdani amene amathyola chida chilichonse chimene wachigwiritsa ntchito kachitatu, bwalo n'kumachepa nkhondo ili mkati. Simunawonjezere lamulo latsopano kwa wosewera, koma nkhondo zinayi izi sizifanana.

Dicey Dungeons ya Terry Cavanagh ndi chitsanzo chabwino cha zimenezi. Inayamba ngati ntchito ya masiku asanu ndi awiri pa mpikisano wa 7DRL mu 2018, n'kutuluka yathunthu mu 2019. Maziko ake ndi amodzi: ponya madayisi, uwaike m'zida. Koma anthu asanu ndi mmodzi amene ungasewere nawo aliyense amapotoza lamulolo. Robot amaponya dayisi imodziimodzi ndipo akapitirira malire wataya. Inventor amakakamizika kuphwasula chida chimodzi nkhondo ikatha. Lamulo limodzi, kulitembenuza mbali zonse.

Gologolo

Akuluakulu, mdani waumbombo uja wandipatsa nkhani yonse ya chigawo chachiwiri. Zikomo kwambiri. Koma nanga wosewera azimva bwanji kuti akukula, popanda levulo?

Kadzidzi

Muzimupatsa zida zatsopano akamayenda, koma bwalo lizilandira zisanu zokha. Asanalowe nkhondo asankhe zoti abweretse. Apa pali kukoma kumene magemu ena alibe: chida champhamvu chilichonse chimene wabweretsa wabweretsera ndi mdani yemwe. Wapeza nkhwangwa yochotsa 7, inde, koma kodi uli wokonzeka kuilandira pamutu? Mwina nkhondo ina njira yabwino ndi kubweretsa zida zofooka zokhazokha, chifukwa mdaniyo ndi wamanja awiri.

Namzeze

Ndipo chiwerengero cha zida nachonso chikhoza kukhala chokwezera kuvuta. Zida zisanu ndi chimodzi, zitatu uku zitatu uko, zili ndi magawidwe 20, komanso sizikhala zofanana: inu mukayamba, mdani pa mpata wake amakhala ndi zinayi pamene inu pa wanu muli ndi zitatu. Ndiye kuti iye ali ndi zosankha zitatu zotseguka, inu ziwiri. Mwamulimbitsa osawonjezera HP yake ngakhale pang'ono. Zida zisanu ndi ziwiri, zinayi kwa inu zitatu kwa iye, zili ndi magawidwe 35 ndipo kufanana kwabwerera. Ine ndikanasunga zisanu ndi ziwiri kwa mabosi (adani akuluakulu) okha, chifukwa pa sikirini ya foni zithunzi zikachuluka maso amasokonezeka.

Kafadala

Funso la wophunzira, pepani ngati ndabweza nkhani m'mbuyo. Bwanji osangoika mwayi? Lupanga lizimenya 90 peresenti ya nthawi, nthawi zina liziphonya. Basi magawidwe 10 aja sakhalanso ofanana.

Tsokonombwe

Funso labwino, ndipo ambiri amayambira pomwepo. Vuto ndi ili. Ngati mwayi womenya ndi 90 pa 100, kumenya katatu motsatana osaphonya kumachitika pafupifupi 73 pa 100 basi. Pa nkhonya khumi, mwayi woti uphonye ngakhale kamodzi ndi pafupifupi 65 pa 100. Anthu akaona 90 mumtima amawerenga ngati 100, ndiye akaphonya amamva kuti gemu yawabera. Opanga magemu akuluakulu amadziwa zimenezi. Magemu a Fire Emblem a pa Game Boy Advance amatenga manambala awiri a mwayi n'kupeza la pakati pake, moti 90 wolembedwa pa sikirini amakhala pafupifupi 98 weniweni.

Tsono mu gemu ya a Gologolo kuphonya kukupweteka kawiri: sunamenye, ndipo lupanga wapereka. Munthu amene anawerengera mipata itatu kutsogolo mapulani ake onse agwa popanda cholakwa chake. Ngati mukufuna mwayi, uikeni nkhondo isanayambe, monga pa kagawidwe koyamba ka zida, kuti munthu aone zimene wapatsidwa n'kuganiza. Usabwere iye atasankha kale.

Chiphaliwali

Koma Fear & Hunger ya Miro Haverinen, ya 2018, ili ndi kuponya kobidi kumene kungakuphe pompo, ndipo anthu amaikonda.

Tsokonombwe

Amaikonda chifukwa gemu imeneyo cholinga chake n'choti uzichita mantha ndi nkhondo iliyonse. Kumenya adani sikukukweza levulo, ndiye nthawi zambiri nzeru ndi kuthawa. Kobidiyo akugwira ntchito ya mantha. Ndipo taonani kuti mbali imene anthu amaiyamikira kwambiri pa nkhondo yake si ya mwayi ayi, ndi ija yosankha chiwalo: ukadula dzanja limene lanyamula chida, nkhonya ya chidacho yatha. Kumeneko ndi kuganiza. Gemu ya a Gologolo cholinga chake si mantha.

Nyenyezi

Pali funso limene sitinaligwire: kodi wosewera aziona chimene mdani wasankha asanachichite? Into the Breach ya 2018, ya anthu awiri a Subset Games, imakuonetsa pa bwalo la mabokosi 8 kwa 8 pamene chilombo chilichonse chimenye, ndipo ntchito yako ndi kuzikankha kuti zimenye pena. Slay the Spire nayo imaika chizindikiro pamutu pa mdani. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma m'magemu awiriwa chimaimba, ndipo nkhondo imakoma chifukwa cha ng'omayo.

Komabe kwa a Gologolo ine ndingati musaonetse. Mdani ali ndi zosankha ziwiri zokha zotseguka ndipo zonse zili poyera. Mukaonetsanso chimene wasankha, palibe chotsala choti munthu aphunzire. Chisiyeni chikhale khalidwe la mdaniyo: wamantha amatere, waumbombo amatere, ndipo wosewera alizindikire poonerera. Chofunika n'chakuti khalidwelo lisasinthesinthe. Munthu akagonja koyamba azitha kunena kuti tsopano ndamudziwa.

Nkhalakale

Zoona, ndipo kugonja kusakhale ndi chilango. Agonja, batani limodzi, nkhondo yayambiranso pomwepo. Asabwerere koyenda mphindi zisanu kapena kuwerenganso zokambirana zomwe wawerenga kale. Mu gemu ya maola awiri mphindi iliyonse yobwereza imaoneka.

Kafadala

Ndifunsenso. Ine ndinasewera OFF ya Mortis Ghost, ya 2008, ndi Space Funeral ya 2010. Zonse ndi zazifupi, zonse za RPG Maker 2003, ndipo nkhondo zake si zozama. OFF ili ndi batani la Auto loti gemu izimenya yokha. Koma anthu mpaka lero amazikamba. Kodi sizikusonyeza kuti nkhondo si nkhani yaikulu, bola zithunzi, nyimbo ndi nkhani zikhale zabwino?

Nkhalakale

Zikusonyeza kuti gemu ikhoza kukumbukiridwa pa zifukwa zina, inde. Koma mukafunsa anthu chimene amakumbukira mu OFF adzakuuzani za dziko lake lodabwitsa, nyimbo, ndi mathero ake. Ochepa adzatchula nkhondo inayake chifukwa cha mmene anaimenyera. Amene anapanga magemu amenewo anali ndi chinthu china champhamvu kwambiri chonyamula gemu yonse. Hylics ya Mason Lindroth, ya 2015, ndi chimodzimodzi: zithunzi zake zoumba ndi dongo ndi manja aja ochita zizindikiro pa nkhondo ndi zimene zimakugwira. Ngati muli ndi luso lojambula lotere, tsatani njira imeneyo. A Gologolo chimene abwera nacho pano ndi lamulo la nkhondo, ndiye chimenecho n'chimene chiyenera kunyamula gemu yawo.

Ndipo ine ndimakhulupirira kuti gemu yaifupi imafika pamwamba pamene nkhondo ndi nkhani zikunena chinthu chimodzi. Mu OMORI, ya 2020, chimwemwe chimagonjetsa mkwiyo, mkwiyo umagonjetsa chisoni, chisoni chimagonjetsa chimwemwe, ndipo nkhani yake yonse ndi ya zimene zili mumtima mwa mwana. Gemu ya a Gologolo ikunena kale kanthu popanda mawu: chimene wamuchitira mnzako wamupatsa mphamvu yokuchitira. Nkhani yake ichokere pamenepo.

Gologolo

Ndi mmene ndikuganizira. Mdani womaliza ndi mchimwene wake wa mwini nkhani, ndipo khalidwe lake ndi lakuti amabweza chida chilichonse chimene wamupatsa, chikangotseguka. Ukamutema, adzakutema. Ukamwa mankhwala, adzamwa. Ali ndi HP yambiri kuposa iwe, ndiye pomenyana sungapambane. Njira yake ndi kufika poti zida zonse zovulaza zili m'manja mwako, iwe n'kukana kuzigwiritsa ntchito.

Namzeze

Tayesani kuwerenga ngati zikutheka. Zida zovulaza ndi ziwiri, lupanga ndi mkondo. Muli ndi zitatu m'manja: ziwirizo ndi chimodzi chimene mwangolandira, chomwe ndi chotsekedwa. Ndiye kuti zotseguka zanu ndi lupanga ndi mkondo basi, ndipo lamulo likuti muyenera kugwiritsa chimodzi. Gemu ikukukakamizani kumenya.

Gologolo

Eya, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna kuti pa nthawi imeneyo, pokhapo mu gemu yonse, pa sikirini pabwere chosankha chachitatu: kuika zida pansi.

Nyenyezi

Ndikumva chimene mukufuna, koma samalani pawiri. Choyamba, anthu adzayerekeza ndi MERCY ya Undertale (chosankha chomusiya mdani osamupha), ndiye chanucho chiyenera kuchokera m'malamulo anu enieni kuti chisaoneke chobwereka. Chachiwiri, batani longotulukira pa mapeto limaoneka ngati wopanga gemu walowerera ndi dzanja lake. Bwanji chosankha chimenecho chikhalepo kuyambira nkhondo yoyamba? Muchitche kudikira: sugwiritsa chida, supereka kanthu, mdani amachita mpata wake n'kukupatsa chida. Pa nkhondo zambiri ndi chosankha choipa chifukwa ukulandira nkhonya kwaulere, koma pa zina chikhoza kuthandiza kusonkhanitsa zida. Wosewera adzachizolowera ngati kachida kakang'ono ka nzeru. Akafika kwa mchimwene uja, amene amangobweza zimene wapatsidwa, kudikira kudzatanthauza kuti alibe chobweza. Munthu adzazipeza yekha, ndipo palibe batani latsopano.

Tsokonombwe

Zimenezi n'zabwino kwambiri, koma zikutsegula khomo lina: wosewera akhoza kudikira mpaka zida zonse zisanu zili kwa iye, mdani n'kutsala manja ali zii. Muyenera kusankha chimene mdani wopanda chida amachita. Ndingati azimenya ndi chibakera chochotsa 1 kapena 2, chimene sichisintha manja, kuti kukhala phee kusakhale kwaulere. Mchimwene yekhayo ndiye asakhale ndi chibakera.

Chiphaliwali

Apa ndiye ndagonja pa nkhani ya kudina ija, mathero otere safuna zala zachangu. Ndiyesa nawo ikatuluka. Mukuipangira mu chiyani?

Gologolo

RPG Maker MZ. Ndimaganiza zofufuza plugin (kapulogalamu kowonjezera) yosintha nkhondo.

Nkhalakale

Musavutike ndi plugin. Nkhondo yobwera kale mu RPG Maker inamangidwa poganiza za gulu la anthu anayi, mndandanda wa maluso, MP ndi katundu, ndipo mudzathera nthawi yambiri mukubisa zinthu zimene simukuzifuna. Mu RPG Maker 2000 ndi 2003 munalibe kolembera code, zimenezo zinabwera ndi XP imene inabweretsa Ruby, kenako MV ya 2015 inasamukira ku JavaScript. Koma anthu ankapanga nkhondo zawozawo pa mapu wamba pogwiritsa ntchito ma event (malangizo a zochitika mu gemu), ma variable (mosungira manambala) ndi zithunzi basi, ndipo njira imeneyo ikugwirabe mu MZ. Yanuyi ndi yophweka: variable imodzi pa chida chilichonse yonena kuti chili kwa ndani, imodzi ya chida chotsekedwa, imodzi ya chomangidwa ndi chingwe, switch ya chishango, ndi HP ziwiri. Khalidwe la mdani aliyense likhale common event yakeyake. Mukatero kuwonjezera mdani watsopano ndi ntchito ya madzulo amodzi. Ngati mumalemba code kale, Godot, pulogalamu ina yopangira magemu, ndi yaulere ndipo ingachite zomwezo, koma poti mapu, zokambirana ndi kusunga gemu zili kale mu MZ, ine sindikanasamuka.

Komanso musanatsegule kompyuta, dulani timapepala tisanu, lembani mayina a zida, mupeze mnzanu akhale mdani. Mumuuze khalidwe limodzi loti atsatire mosaphonya. Manambala aja, 4, 2, 3 ndi 20, mudzawasintha mofulumira pa tebulo kuposa mu pulogalamu.

Gologolo

Ndabweranso ndi zotsatira za timapepala. Lamulo lotseka chida likugwira bwino, kuponyerana lupanga kwatha. Mdani waumbombo ndi wokoma monga a Nkhalakale ananenera. Chimene chatuluka ndi chakuti nkhondo zikutalika mankhwala ndi chishango zikamazungulira, makamaka kwa mdani wamantha. Nthawi zina timabwerera pa kagawidwe komwe tinali, HP osasintha kwenikweni.

Namzeze

Mankhwala obwezera 3 akuposa mkondo wochotsa 2, ndipo lupanga likutchingika, ndiye n'zosadabwitsa. Njira yachidule ndi kutsitsa HP kufika pa 12 kapena 14. Njira imene ndikuikonda ine ndi yakuti botolo lizichepa: womwa woyamba apeze 4, wachiwiri 3, kenako 2, kenako 1, likatha likhale botolo lopanda kanthu limene lingoponyedwa ngati chida chosachita kalikonse. Nkhondo siingazungulire mpaka kalekale, komanso pabwera funso latsopano loti umwe msanga HP isanatsike kwambiri kuti mdani apeze zochepa, kapena udikire. Ndipo botolo lopanda kanthulo lidzakhala chida chamtengo wapatali pa mapeto a nkhondo, chifukwa ndi njira yodutsira mpata n'kumudzaza mdani ndi chinthu chopanda ntchito.

Kadzidzi

Mukatero muonetse mlingo wa mankhwala pa chithunzi cha botolo lenilenilo, osati nambala yokha pambali. Ndipo mukakonza adani atatu oyamba mu MZ, ikani pa itch.io ngati tsamba lobisika mutitumizire linki. Ine ndiyesa pa foni, a Chiphaliwali ayese pa kompyuta, tione ngati zithunzi zisanu zikukwana bwino pa sikirini yaing'ono komanso ngati chida chotsekedwa chikusiyana mokwanira ndi chomangidwa ndi chingwe.